Khitchini ya Kuseri kwa Masitepe

Nyumba ya Wendell Tibbs ku Baltimore inali ngati zinzake zonse za mumsewu umenewo: yanjerwa, yoning'a, khoma lake logundana ndi la mnansi uku ndi uku. Khitchini inali m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo kuti ufikeko unkatsika masitepe otsetsereka amene mkazi wake, Odessa, anawatukwana kwa zaka makumi anayi koma osasiya kuwatsika. Kunsi kumeneko Odessa anali mfumu. Timakeke take ta nkhanu, masamba ake ophika ndi fupa la nkhumba, chigumu chake chotuluka mu uvuni chikadanjenjemera, zonsezi zinkadziwika mpaka kutchalitchi. Pakagwa maliro mumsewumo, anthu ankayamba afunsa ngati Odessa wamva.

Sitiroko inamupeza pa masitepe omwewo, Lamulungu masana, atanyamula mbale ya masamba. Wendell anangomva mbale kuti phwaa, kenako zii. Anamupeza atakhala chopindika pakati pa masitepe, maso ali tong'o, akuyesa kulankhula koma mawu osatuluka. Kuchipatala anamupulumutsa, koma dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, ndipo pakamwa panakhotera mbali imodzi. Atachira pang'ono anamusamutsira kunyumba yophunzitsirako odwala kuyenda ndi kulankhula, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti aiwale za masitepe.

Wendell anali kalipentala wopuma pantchito. Moyo wake wonse ankapanga makabati a m'makhitchini a anthu olemera, makhitchini oti mungavinemo ukwati. Tsono atabwerera m'nyumba yopanda fungo la chakudya ija, anayendayenda kufunafuna pamene pangakwane khitchini m'zipinda zosafuna kukwera kapena kutsika. Malo analipo amodzi okha: kachipinda ka kuseri kwa masitepe, mmene ankasungiramo matsache, majekete ndi njinga yakale ya mwana wawo. Kanali kakang'ono moti munthu atatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Anaima pakhomo pake nthawi yaitali, milomo ikuyenda yokha, kenako anayamba kutulutsa matsache.

Mawa lake anapita kwa Odessa ndi tepi yoyezera m'thumba. Anamupeza ali pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera.

"Tambasula mkono wamanzerewo," anatero Wendell. "Kweza mpaka pamene ungafike."

Odessa anayang'ana tepiyo, kenako mwamuna wakeyo. Mawu ake tsopano ankatuluka limodzilimodzi, molemera, koma lilime linali lomwe lija.

"Wayamba kundiyeza bokosi ndikadapuma?"

"Bokosi lako sindingapange ine. Ungadzadzuke n'kumadandaula kuti lakuthina m'chiuno."

"Mdala wopanda ulemu iwe." Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, n'kukweza mkono.

Wendell anayeza pamene zala zinafika, anayeza kutalika kwa mawondo kuchokera pansi, anayezanso m'lifupi mwa njingayo. Kenako anamuuza za kachipinda kaja.

"Ka matsache kaja? Mmene muja ngakhale mbewa imatuluka chafutambuyo."

"Ukwanamo. Iwe, poto ndi pakamwa pakopo."

Odessa anayang'ana dzanja lake lakufa lija, limene linagona pamwendo ngati la munthu wina.

"Uikemo zenera," anatero potsiriza. "Zaka zonsezi ndaphika ndikuona nsapato za anthu odutsa. Ndikufuna ndione kumwamba."

Ntchito inayamba sabata yomweyo. Khitchini yaikulu imakhululuka, ukalakwitsa pang'ono umabisa ndi kathabwa. Yaing'ono ilibe chifundo. Wendell anachotsa chitseko n'kukuza khomo kuti njinga izilowa. Anaboola khoma lakumbuyo n'kuikamo zenera loyang'ana kamtengo ka mapichesi ka mnansi. Thebulo lophikirapo analimanga lalifupi, lotsata khoma, kunsi kwake kopanda kabati kuti mawondo azilowa. Anagula sinki yosazama, chitofu cha mafuwa awiri okha, kauvuni kongokwana chigumu chimodzi, ndi filiji yotseguka ngati dilowa. Mipeni anaipachika pa maginito. Mashelefu a m'mwamba anawapanga oti ukakoka chingwe amatsika okha mpaka pachifuwa. Pa thabwa lodulirapo anakhomapo misomali itatu yoloza m'mwamba, yoti anyezi azibayidwapo n'kukhala phee pamene dzanja limodzi likudula.

Koma zojambula papepala sanazikhulupirire. Anabwereka njinga ya olumala kutchalitchi, n'kukhalapo, n'kumanga mkono wake wamanja ndi lamba pamimba. Umu ndi mmene mnzake Lucius, wokonza mipope, anamupezera tsiku limene anabwera kudzalumikiza madzi.

"Ambuye chifundo!" anatero Lucius, ataima pakhomo ndi bokosi la zida. "Nawenso yakugwira? Kapena apolisi akumanga n'kuiwala kukutenga?"

"Usandisokoneze, ndikuphika."

"Ukuphika chiyani, utuchi?"

"Ndikufuna mchere, ndipo sindikuufikira. Shelefu iyi itsike mainchi awiri." Wendell anazungulitsa njingayo, gudumu n'kugunda mwendo wa thebulo. "Ndi mwendo uwu uchoke. Ndilimangirira kukhoma."

Lucius anapukusa mutu, koma anagwada n'kuyamba ntchito. Mpope anaika wa chogwirira chimodzi chachitali, choti ngakhale chigongono chitha kutsegula. Mapaipi a madzi otentha anawakulunga bwinobwino kuti asadzawotche mwendo umene sumva kutentha. Pochoka anamenya Wendell paphewa.

"Akadzaphika timakeke ta nkhanu toyamba, tanga tiwiri. Usadzadye wekha, ndikukudziwa."

Mwana wawo Charmaine, amene ankakhala ku Richmond ndi banja lake, anabwera Loweruka lina. Anayamba wadzera kwa amayi ake, ndipo pofika kunyumba anapeza bambo ake akupaka penti yachikasu. Anaima pakhomo, chikwama chikadali paphewa.

"Adadi, zakongola," anatero. "Zoona zakongola."

"Taona ichi." Wendell anakoka chingwe, shelefu n'kutsika mwakachetechete. "Ndi chala chimodzi."

"Adadi, mwalankhula nawo amene akuwaphunzitsa aja?"

"Ndimalankhula nawo tsiku lililonse."

"Ndiye anakuuzani za tiyi?"

Wendell anaviika bulashi m'chitini.

"Anawapatsa kapu, masamba a tiyi ndi madzi otentha," anapitiriza Charmaine. "Amayi anathira madziwo m'mbale ya shuga. Si dzanja lokha, adadi. M'mutumu muli china chimene chinaduka. Zinthu akuzidziwa mayina, koma choyamba ndi chiti, chotsatira ndi chiti, zikuwasokonekera."

"Khitchini ya kumeneko ndi yachilendo. Ngakhale ine ndingasokonezeke."

"Adadi..."

"Amayi ako anayamba kuphika asanadziwe kulemba dzina lawo. Zimenezo sizikhala m'mutu, zimakhala m'manja."

"Dzanja lakelo ndi limene lafa!"

Mawuwo atatuluka, Charmaine anagwira pakamwa. Wendell sanatembenuke. Anapitiriza kupaka malo amene anali atapaka kale, bulashi ikupita ikubwera.

"Ndikungoopa," anatero Charmaine motsitsa. "Ndikuopa kuti muwaika pamalo poti aone ndi maso awo chimene chatayika."

"Iwe ukufuna ndiwakhazike pazenera ngati duwa la m'chitini?"

Sanamvane tsiku limenelo. Charmaine anavula jekete n'kuthandiza bambo ake kumata matailosi kuseri kwa sinki, ndipo anagwira ntchito mpaka madzulo osabwerezanso nkhaniyo.

Odessa anabwera kunyumba masamba a mitengo atayamba kufiira. Wendell anali atamuikira bedi pabalaza. Asanavule n'chipewa chomwe, Odessa anati amuonetse khitchini ija. Wendell anamukankha kudutsa m'mbali mwa masitepe, n'kumusiya pakhomo la kachipinda kaja kuti alowe yekha.

Njinga inalowa popanda kukhudza paliponse. Mawondo analowa kunsi kwa thebulo ngati anabadwira pomwepo. Dzuwa linkalowa pazenera n'kugwera pa mapoto ake akale, amene Wendell anawakweza kuchokera pansi n'kuwakwecha mpaka kuwala. Odessa anayendetsa dzanja pa thabwa losalalalo, anatsegula dilowa, anatseka, anakoka chingwe, shelefu n'kumutsikira ndi timabotolo take ta zokometsera. Anayang'ana pazenera nthawi yaitali.

"Penti iyi wasankha wekha?"

"Ndekha."

"Ikuoneka." Anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja. "Ngati dzira la m'mawa. Koma yabwino, mdala. Wayesetsa."

Wendell anatulukira panja n'kukaima pakhonde kanthawi, chifukwa sanafune kuti mkazi wake amuone nkhope.

M'mawa mwake Odessa ananena yekha kuti aphika chigumu. Wendell anamuikira zonse pafupi: ufa wa chimanga, mkaka, mazira, batala, mbale yosakanizira imene anaipangira dzenje lake pathebulo kuti isamathawe. Iye anaima pakhomo, chifukwa m'katimo munalibe malo a anthu awiri.

Odessa anatapa ufa n'kuthira m'mbale. Kenako anatenga dzira. Analigwira m'dzanja, n'kuliyang'ana, n'kuyang'ana mbale, n'kuyang'ana chitofu. Analiika mu ufamo ndi chikamba chomwe. Anatsegula mpope, madzi n'kumangothamanga. Ananyamula mkaka n'kuyamba kuthira pa thabwa la misomali lija, ndipo mkakawo unayenderera n'kudonthera pamiyendo pake.

"Yamba waswa dziralo," anatero Wendell mofatsa.

"Ndikudziwa!"

"Ungoligogoda m'mphepete mwa mbale."

"Ndati ndikudziwa, Wendell!"

Anatulutsa dzira lija mu ufa, n'kuligwiranso. Analiika pa chitofu chozizira. Anatenga supuni, anaibweza. Anatenga batala, n'kukhala naye m'manja mpaka anayamba kusungunuka pakati pa zala. Mpope unali ukungokhuthula madzi, ndipo palibe amene anautseka.

"Kukoma kwake ndikukumva," anatero Odessa, osayang'ana mwamuna wake. "Kuli pakamwa panga pompano. Koma njira yopitira kumeneko yasowa."

"Ibwera. Ndi tsiku loyamba chabe."

"Nditulutse."

"Njingayo itha kutembenuka yokha, ndinayeza. Ungokankha gudumu la..."

"Ndati nditulutse muno!"

Anamukoka chafutambuyo. Anamupukuta mkaka pamiyendo, anamusintha diresi, anamugoneka. Odessa anatembenukira kukhoma. Wendell anabwerera kukatseka mpope, ndipo anapeza dzira lija litagubuduka n'kusweka pansi lokha.

Anayesanso kawiri sabata imeneyo, kamodzi ndi tiyi, kamodzi ndi anyezi. Tsiku la anyezi Odessa anadzicheka chala pa umodzi wa misomali ija, ndipo sanalire, anangoyang'ana magaziwo. Madzulo ake anapempha kuti chitseko cha kachipindako chizikhala chotseka, chifukwa ali pabedi ankaona chikasu chija.

"Chitseko ndinachotsa," anatero Wendell.

"Ndiye upeze china chake."

Anapachikapo katani.

Amayi a kutchalitchi anayamba kubwera ndi mbale zovindikira. Ankakhala pabalaza, n'kuyamikira nkhope ya Odessa kuti ikuwala, ndipo potuluka ankasuzumira kuseri kwa katani n'kunong'oneza Wendell kuti Mulungu amudalitse. Lucius anabwera kamodzi kudzaona ngati sinki ikudontha. Anayang'ana katani, anayang'ana Odessa, n'kuyamba kukamba za mpira. Za nkhanu sanatchulenso.

Mbale za kutchalitchi zitayamba kuchepa, Wendell anayamba kuphika yekha. Kutsika pansi sakanatha, chifukwa kumeneko sakanamva Odessa akaitana. Choncho ankalowa kuseri kwa katani, ndipo popeza thebulo linali lalifupi moti kuwerama kunkamupweteka msana, ankaphika atakhala pa kampando. Chakudya chake chinali cha munthu wa matabwa: cholunjika, chouma, chopanda nkhani.

Tsiku lina akukazinga anamva mawu kuchokera pabalaza.

"Anyezi akupserera!"

Anazimitsa moto n'kuthamangira kwa mkazi wake, supuni ili m'manja.

"Wadziwa bwanji?"

"Mphuno sinafe. Ndipo mchere wako ukumachuluka. Ukufuna undimalize?"

Wendell anaseka mpaka misozi. Kwa masiku angapo ankapsereza anyezi dala, kuti amve mawu amenewo. Chiyembekezo chinadzukanso mwa iye, ndipo Lamulungu lina masana, atamudyetsa, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumugwira dzanja lamoyo lija.

"Bwanji ungobwera udzakhale pakhomo? Osagwira kanthu. Ine ndizichita, iwe uzingondiuza."

"Ndikuuze chiyani? Ndimamva chikapsa. Chisanapse sindidziwa."

"Tiyese basi."

Odessa anamuyang'ana nthawi yaitali. Mawu anawasankha limodzilimodzi, ndipo Wendell anaona mmene ankavutikira kuwakweza.

"Wendell, khitchini ija ndi yabwino. Mumsewu muno mulibe mwamuna amene anapangirapo mkazi wake chinthu chotere. Ndimauza aliyense. Koma unapangira mkazi amene anagwa pa masitepe uja. Ameneyo sanabwere kuno. Ndabwera ndine."

"Ndiwe yemweyo."

"Ayi. Ndipo ukamandiyang'ana ngati ukudikira kuti atulukire, ndimatopa. Ungokhala nane ineyo. Sizikwanira?"

Wendell anangogwedeza mutu, n'kuika chipumi chake pa dzanja la mkazi wakeyo. Odessa anamusisita m'mutu ndi chala chachikulu.

Kuchokera tsiku limenelo sanatchulenso za kuphika. Ankamuwerengera nyuzipepala, ankamupesa tsitsi molakwitsa mpaka Odessa kumulanda chipeso, ankamukankha pa njinga mpaka pakona ya msewu dzuwa likawala. Anali masiku abata, ndipo ena mwa iwo anali okoma ndithu. Koma sanachuluke. Chisanu chitafika pachimake, sitiroko yachiwiri inabwera m'mawa Odessa akumwa khofi. Ulendo uno sanadzuke. Anamwalira kuchipatala Charmaine atamugwira dzanja lina, Wendell lina.

Pamaliro chakudya chinachuluka, chochokera m'makomo onse a mumsewumo. Mayi wina wokalamba analawa masamba, n'kunena mosaganiza kuti akanaphika Odessa akanakoma kuposa apa, kenako anazindikira chimene wanena n'kuyamba kulira.

Wendell anakhala yekha m'nyumbamo mpaka nyengo yofunda. Anaonda. Charmaine ankaimba foni tsiku lililonse, ndipo tsiku lina anangobwera osanena.

"Adadi, simukudya. Kwathu kuli chipinda chongokhala. Sindikupemphaninso, ndikukuuzani."

Ulendo uno bambo ake sanatsutse.

Mayi wogulitsa nyumba atabwera kudzaiona, anasuzumira kuseri kwa katani n'kunena kuti ndi kantchito kaluso kwambiri. Kenako anafotokoza mwaulemu kuti ogula ambiri angakonde kuti pamenepo pakhale chimbudzi chaching'ono, poti mapaipi alipo kale, ndipo anati atha kutumiza anthu odzachotsa.

"Ndichotsa ndekha," anatero Wendell.

Lucius anabwera kudzathandiza. Anadula madzi, n'kuzula sinki ndi mpope, ndipo Wendell anayamba kumasula mashelefu. Sanagwiritse ntchito hamala paliponse. Chilichonse anachimasula mmene anachimangira, n'kuchitsamiritsa kukhoma la pabalaza.

"Kutchalitchi kuli mkulu wina amene anadulidwa mwendo," anatero Lucius. "Bwanji tikamuikire? Ndi zinthu zatsopano izi."

"Sinki ndi chitofu umupatse. Zinazi sizingakwane."

"Tingadule pang'ono."

"Makoma a muno ndi okhota, Lucius. Thabwa lililonse ndinalisema motsata kukhota kwake. Kwina kulikonse lisiya mpata." Anayang'ana thebulo lija, limene tsopano linali thabwa wamba lotsamira khoma. "Ndi msinkhu wake si wa mkuluyo."

Lucius sanaumirire. Ananyamula matabwawo awiriwiri kupita nawo pagalimoto yake, ndipo ulendo womaliza anachedwa kubwerera. Wendell atasuzumira pazenera anamuona ataima kuseri kwa galimotoyo, akumina ndi mpango.

Ku Richmond, Charmaine ndi mwamuna wake anamulandira bwino. Nyumba yawo inali yatsopano, khitchini yake yaikulu, yoyera mbee, makabati kuzungulira makoma atatu mpaka kudenga. Wendell anaona msanga kuti zitseko ziwiri zinapachikidwa mopendekeka.

M'mawa woyamba anadzuka ena onse asanadzuke, kukhosi kutauma. Analowa m'khitchinimo kufuna kapu. Anatsegula kabati yoyamba, munali mbale. Yachiwiri munali zitini. Yachitatu munali mapoto, yachinayi mabotolo a mankhwala ndi makandulo. Anaima pakati pa chipindacho, zitseko zonse zili yasa momuzungulira, ndipo sanadziwe kuti atsegulenso iti. Potsiriza anapita pasinki, anatsegula mpope, anawerama n'kumwa madzi m'dzanja.

Charmaine anamupeza ali choncho, madzi akutsikira m'chigongono n'kunyowetsa malaya ogonera. Anafuna kunena kuti makapu ali kumbuyo kwawo, pamwamba pa filiji, koma ataona mmene mapewa a bambo ake ankagwedezekera, anangoyandikira n'kuwakumbatira chakumbuyo, tsaya lake pamsana pawo. Anaima choncho mpaka ana anayamba kudzuka m'zipinda za m'mwamba.